Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigwira mwaphuma imabwerera m'chigoba, koma ukaidikira imatulutsa yokha tinyanga take. Mwambiwu ukumuyenera manejala watsopano amene wapatsidwa pulogalamu ya pakompyuta yoyezera kagwiridwe ka ntchito ka anthu ake, monga Lattice kapena 15Five. Akangoitsegula amapeza manambala: amene wagulitsa zambiri, amene watsalira, amene sanafike pa mlingo womwe anamuikira. Nambala imanena zimene zachitika, koma chifukwa chake chimadziwika pokhapokha bwana akakhala pansi ndi wantchito n'kumufunsa modekha. Mwina wotsalirayo ndi amene amaphunzitsa anzake obwera kumene, ntchito imene pulogalamu siiwerengera.

Ena anganene kuti manambala alibe tsankho pomwe maso a bwana amakondera. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake pulogalamuyi ndi yofunika. Koma nambala ikasanduka chikwapu, anthu amayamba kutumikira nambalayo n'kuiwala ntchito yeniyeni. Mu 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni chifukwa antchito ake, pothamangitsana ndi milingo yokhwima, ankatsegula maakaunti eni ake osadziwa. Kampani ya Adobe inasankha njira ina: mu 2012 inasiya kuunika antchito kamodzi pachaka n'kuyamba kumakambirana nawo pafupipafupi.

Choncho inu amene mwangolandira udindo, pulogalamuyi ikuthandizeni kukonzekera zokambirana ndi aliyense payekha. Muzilembamo zimene mwagwirizana, muzibwereranso kudzaona ngati zatheka, ndipo musaweruze munthu musanamve mbali yake.