Nyumba Yopanda Khonde

Amene amayenda kawirikawiri pa msewu wa Great East aona kusinthaku. Mukawoloka mlatho wa Luangwa, n'kudutsa Kacholola, n'kufika pa Nyimba pomwe amayi amathamangira basi ndi mikoko ya nthochi, kenako n'kukhotera ku boma la Petauke, maso amagwera nyumba za mtundu umene kale tinkangouona ku Ibex Hill ndi ku New Kasama mu Lusaka. Makoma ake ndi otuwa ngati phulusa, mawindo ndi aakulu a galasi lakuda, pakhomo pali zipilala ziwiri, ndipo denga silioneka chifukwa analibisa kuseri kwa khoma. Amisiri amalitchula pa Chingerezi kuti hidden roof. Mwini nyumba akangonena mawu amenewa, mmisiri amadziwiratu kuti pano ndalama zilipo.

Msuweni wanga wina anamanga yotere atapuma pa ntchito mu Lusaka. Anandiitana mu Okutobala 2024 kuti ndikaione, ndipo ndisaname, nditalowa ndinayamba ndavula nsapato ndisanauzidwe. Pansi ponse matailosi onyezimira ngati madzi. Siling'i ya masitepe awiri yokhala ndi timababu tobisika, mipando yachikopa, TV yodzaza khoma. Pabalaza ndi kukhitchini palibe chitseko, pangoima tebulo lamwala lokhala ndi timipando tatitali ngati ta m'bala. Pulani yonse anaitenga pa chithunzi chimene mwana wake anamutumizira pa WhatsApp. Anandiyendetsa chipinda ndi chipinda akumwetulira, ine ndikuyamikira, thukuta lili kamukamu kumsana.

Chaka chimenecho n'chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, malaiti ankabwera maola owerengeka, nthawi zambiri usiku anthu atagona. Makina oziziritsa mpweya anali pakhoma ngati chithunzi. Pofika 2 koloko masana alamu anga anati, "Achimwene, tiyeni tikakhale panja, muno mutiphika." Tinanyamula timipando tapulasitiki n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, umodzi wokhawo umene unapulumuka nkhwangwa pokonza malo, ndipo unapulumuka chifukwa unali m'malire ndi aneba. Nyumba ya ndalama zonse za penshoni tinkaiyang'ana tili pansi pa mtengo umene palibe anaugula.

Sindikunyoza. Munthu amene anakulira m'nyumba yodontha, amene ankadzuka usiku kutchera mbale pansi pa udzu wowola, ali ndi ufulu wolakalaka simenti ndi malata. Udzu umapsa, chiswe chimadya mitengo, ndipo tsekera wabwino akusowa chaka ndi chaka. Mpanda wautali nawo uli ndi chifukwa chake, akuba alipo. Chimene chimandipweteka n'chakuti pothawa umphawi tinataya ndi nzeru zomwe zinali m'nyumba ya umphawiyo, ndipo yaikulu mwa nzeruzo inali khonde.

Taganizirani ntchito yake. Denga likatuluka kunja kwa khoma mita imodzi ndi theka kapena iwiri, dzuwa la masana silikhudza khomalo. Khoma losawombedwa ndi dzuwa silisunga moto woti likaulavulire m'chipinda usiku. Mvula ya Januwale imagwera patali, siinyowetsa pulasitala, ndipo mutha kusiya windo lotsegula ikugwa. Kuno kwathu dzuwa la Okutobala limadutsa pamutu penipeni, choncho mdani wamkulu ndi denga komanso khoma la kumadzulo, limene limalandira dzuwa lopendeka kuyambira masana mpaka kulowa. Agogo athu sanaphunzire ku UNZA koma ankaika kawindo kakang'ono kumbali imeneyo, kapena osaikako konse. Msuweni wanga anaikako galasi lotalika kuchoka pansi mpaka pamwamba, chifukwa n'kumene kuli msewu ndipo odutsa ayenera kuona.

Denga lobisika lija lilinso ndi matenda ake. Madzi onse a mvula amatsikira mu ngalande yomwe ili kuseri kwa khoma, pomwe diso silifika. Masamba akadzazamo, kapena mmisiri akalakwitsa pang'ono kupendeketsa, madziwo amabwerera n'kulowa mu siling'i. Funsani amisiri amene amaitanidwa mu Febuluwale kukasintha siling'i yofufuma ngati buledi wonyowa. Chikomekome cha mkuyu ndi chimenechi. Ku Dubai, kumene zambiri mwa zithunzizi zimachokera, mvula ndi mlendo wa masiku ochepa pa chaka.

Za khitchini ndinene mwachidule, chifukwa amayi onse akuzidziwa. Khitchini ya pachithunzi ija ndi yowiritsira tiyi. Nyemba zimene zimafuna maola atatu, nsomba youma imene fungo lake limakakamira m'makatani, nsima ya anthu khumi ndi awiri yofuna mthiko waukulu ndi mkono wamphamvu, zonsezi zimaphikidwa pa mbaula kuseri kwa nyumba, pa dzuwa, pafupi ndi thanki ya madzi. Ndiye kuti chipinda chodula kwambiri m'nyumbamo sichigwira ntchito, pomwe malo ogwira ntchito tsiku lililonse sanalembedwe n'komwe pa pulani. Wojambula pulaniyo sanafunse munthu amene amaphika.

Koma mayeso enieni a nyumba ya kuno ndi maliro. Kwa Ansenga, kaya kwa Kalindawalo kaya kwa Ndake, nyumba ya munthu wopeza bwino si yake yekha. Ndi kumene kumafikira wodwala wochokera kumudzi akudikira kuonana ndi dokotala, ndi kumene mwana wa mlongo amakhala akamalemba mayeso, ndipo tsiku la chisoni ndi kumene kumasonkhana mtundu wonse. Tonse timadziwa mmene zimayendera. Mipando imatulutsidwa, amayi amayala mphasa ndi zitenje pabalaza n'kugona pamenepo, abambo amachezera moto panja, miphika ikuluikulu imakhazikidwa pa mafuwa. Tsono lowani m'bwalo la nyumba yamakono. Pansi ponse anayalapo timiyala tasimenti, moto musonkhe pati? Mthunzi palibe, muyenera kubwereka tenti. Chimbudzi chilichonse chili m'kati mwa chipinda chogona, ndipo apongozi sangadutse pafupi ndi bedi la mkamwini kuti akadzithandize. Geti lachitsulo, limene limatsekedwa chaka chonse, limakhala pululu masiku atatu, ndipo m'pamene mumaona kuti nyumbayo inamangidwira banja la anthu anayi la kudziko lina, limene sililandira alendo osaitanidwa.

Ena adzati khonde ndi la atsamunda, likukumbutsa nyumba za abwanamkubwa pa boma. Zoona, nyumba zakale za boma ndi za ku mishoni zinali ndi makonde aakulu. Koma azunguwo sanabwere nalo kuchokera ku London, kumene anthu amasakasaka dzuwa. Analiphunzira m'maiko otentha, ku India ndi kuno komwe. Nyumba ya agogo anga inali ndi khonde lozungulira, lochirikizidwa ndi nsanamira, lozira bwino ndi dothi lakuda. Pamenepo ankasendera mtedza, kuweruza timilandu ta ana, ndi kulandira mlendo amene sanafike poti n'kulowa m'nyumba koma sangaimikidwe pa dzuwa. Malo apakatikati otere ndi ulemu. Masiku ano mlendo ali ndi malo awiri okha: kunja kwa geti akugogoda ndi mwala, kapena pa mpando wachikopa.

Chodabwitsa n'chakuti anthu olemera zedi a dziko lapansi amalipira madola ochuluka kuti akagone m'zimene ife tikuthawa. Pitani ku Mfuwe, m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa Luangwa yemweyu. Mupeza madenga ataliatali a udzu, mbali zotsegula kuti mphepo idutse, mipando ya mukwa, mitengo yosiyidwa dala kuti nyumba ikhale pansi pake. Ku Burkina Faso, komwe kumatentha kuposa Nyimba, Francis Kéré anamanga sukulu m'mudzi wakwawo wa Gando mu 2001 ndi njerwa za dothi la pomwepo. Malata anawakweza m'mwamba, otalikirana ndi siling'i, kuti mpweya wotentha uzituluka pakatipo, ndipo anawatulutsa kutali kunja kwa makoma. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba. Malata ndi omwewa timagula pa boma. Kusiyana kuli pa mmene anawakhazikira.

  

Ndinapitanso kwa msuweni wanga mvula itatha. Ndinapeza mmisiri akukumba maenje anayi kumbali ya kumadzulo, kutsogolo kwa galasi lalikulu lija, mapaipi achitsulo ndi malata asanu ndi atatu zili pansi. Msuweniyo anafulumira kundiuza kuti akumanga poimika galimoto. Alamu anga, amene anali atayala kale mphasa pamene padzakhale mthunzipo, anangoti, "Galimotoyo izigona kumene imagona."