Kodi Ngongole ya Makolo Igwera Ana?

Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu otchedwa a Humanist, amene amati munthu angathe kukhala wolungama popanda Mulungu, pongotsata nzeru zake ndi chifundo. Bungwe lao la ku America linakhazikitsidwa mu 1941. Pakati pao pagwa funso lobvuta: kodi zidzukulu za akapolo ziyenera kulipidwa chifukwa cha zimene makolo ao anachitidwa?

Funsoli liwabvuta koposa ena chifukwa cha chiphunzitso chao chomwe. Iwo amakana tchimo lobadwa nalo, nanena kuti munthu aliyense ayankhe pa nchito za manja ake okha. Tsono mzungu wobadwa zaka zana ukapolo utatha angafunse kuti: nanga iye analakwa chiani? Ndipo funso lake si lachabe, pakuti kupatsa mwana mlandu wa agogo ake ndiko kusalungama.

Koma mlandu ndi ngongole ziri zinthu ziwiri. Munthu akaba ng'ombe namwalira, mwana wake sali mbala. Komabe ng'ombeyo ikali m'khola mwake, yaswa, ndipo mwini wake akali kulima ndi khasu. Mwanayo sayenera kumangidwa, koma ng'ombe njamwini. Kuti munthu aone zimenezi safunika kukhala wopembedza; nzeru yokha, imene a Humanist amaitama, ikwanira.

Ndipo ng'ombeyo siiri ya m'nthano ai. Pamene Britain inathetsa ukapolo ndi lamulo la 1833, inapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu. Ngongole imene boma linatenga pa zimenezi inatha kubwezedwa mu 2015. Ku America, malo amene Sherman analonjeza omasulidwa mu 1865 analandidwanso chaka chomwecho. Wina akati izi nzakale, akumbukire kuti ena mwa okhoma msonkho amene anatsiriza ngongole ija anali zidzukulu za akapolo omwewo.

A Humanist akhala akuloza chala mipingo, ndipo pamenepo sanama: a Jesuit a ku Maryland anagulitsa anthu 272 mu 1838 kuti apulumutse sukulu ya Georgetown, ndipo mu 2021 analonjeza kusonkhanitsa madola 100 miliyoni chifukwa cha mlanduwo. Koma m'nyumba ya a Humanist namonso muli phulusa. David Hume, amene amamuyesa kholo la maganizo ao, analemba mu 1753 kuti anthu akuda ngochepa nzeru mwachibadwa. Julian Huxley, wapampando pa msonkhano woyambitsa bungwe lao la maiko onse ku Amsterdam mu 1952, anatsogoleranso Eugenics Society, gulu lofuna kusankha oyenera kubereka. Tsankho silinasowe guwa la nsembe kuti likule. Linadziwanso kubvala mwinjiro wa sayansi.

Mu 2020 Yunivesite ya Edinburgh inachotsa dzina la Hume pa nyumba yake ina. Nchabwino ndithu, koma kufafaniza dzina pakhoma sikudya ndalama zambiri, ndipo wamasiye wa ku Mississippi sapindulapo kanthu. Inde, a Humanist analemekeza A. Philip Randolph mu 1970, munthu wakuda amene anakonza ulendo waukulu wa ku Washington mu 1963; koma mphoto imodzi siipereka mpando pa bwalo.

Nchifukwa chake anthu akuda osapembedza anamanga mabungwe aoao. Mandisa Thomas anayambitsa Black Nonbelievers ku Atlanta mu 2011. Sikivu Hutchinson wa ku Los Angeles anadzudzula anzake achizungu kuti amatha mphamvu potsutsana ndi mipingo, osasamala za sukulu zosauka, ndende ndi nyumba, m'mene muli masautso a anthu ake. Gulu lake la Black Skeptics, ngakhale linali laling'ono, linayamba kupereka ndalama za sukulu kwa ana amene pabanja pao panalibe anafikapo ku koleji.