Kodi Mankhwala Amasanduka Liti Kukhala Mdani?

Funso lathu la sabata ino likuchokera pa duwa limodzi. Utomoni wa duwa lotchedwa poppy ndiwo umapanga opium, amene Bahá'u'lláh anamuletsa mwamphamvu m'buku la malamulo la Kitáb-i-Aqdas, lomwe linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873. Koma mu utomoni womwewo mumachokeranso morphine, amene achipatala amapatsa odwala khansa kuti ululu uchepe. Buku lomweli limatilangizanso kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Nanga zimatheka bwanji kuti chinthu chimodzi chikhale chifundo kwa wina koma chiwonongeko kwa mnzake?

Mwina tingayankhe kuti malire ake ndi lamulo la boma. Lamulo tiyenera kulimvera ndithu, koma palokha silikwanira. Mu 2020 dziko la Malawi linalola kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu zina, ngakhale kusuta kukadali mlandu. Codeine, amene amapezeka m'mankhwala ena a chifuwa, ndi wololedwa dokotala akalemba, komabe pali achinyamata amene amamwa botolo lonse kuti aledzere. Chiwindi chimasandutsa codeine kukhala morphine. Thupi likazolowera limafuna wochuluka, ndipo wochulukayo amachedwetsa kupuma. Akasakanizidwa ndi mowa, munthu angathe kufera kutulo. Choncho kugula ku famase sikutiteteza.

Ife tikuona kuti malire enieni ali pa chimene tikufuna kuti mankhwalawo atichitire. Nzeru ndi mphatso imene Mulungu anatipatsa kuti timudziwe komanso titumikire anzathu. Mayi wodwala khansa akamwa morphine pa mlingo umene wauzidwa, amapeza mpata wopemphera ndi kulangiza ana ake. Mankhwala amubwezera nzeru zimene ululu unalanda. Koma amene akumwa kuti aiwale ulova kapena maliro akuzimitsa yekha nyale imene ikanamuunikira potulukira. M'mawa mavuto amawapeza ali pomwepo.

N'chifukwa chake dokotala ndi wofunika. Mtima ukayamba kulakalaka chinthu, umatinamiza kuti piritsi limodzi lowonjezera lilibe vuto. Pamafunika wina woti atiuze mlingo, masiku ake ndi nthawi yosiyira. Ngakhale chifundo chathu chingathe kulakwitsa. Ndi angati mwa ife amene tinagawirapo mnansi mapiritsi otsala ogonetsa tulo, tikuyesa kuti tikumuthandiza?

Chovuta kwambiri ndi ichi: ena anakodwa osafuna. Analandira mankhwala kuchipatala atachita ngozi, lero akulephera kusiya. Akasiya mwadzidzidzi amatuluka thukuta, amasanza, thupi lonse limaphwanya. Wosiya diazepam mwadzidzidzi angathe ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Munthu wotere safunika kumudzudzula. Afunika achipatala oti amuchepetsere mankhwalawo pang'onopang'ono, ndi abwenzi oti amuperekeze. Chikhulupiriro chimene chimatiletsa mankhwala ozunguza bongo n'chomwechonso chimatiletsa miseche. Tikamunena kumbali, amabisala, ndipo wobisala sapeza thandizo.

Tiyeni tikambirane:

1. Kodi m'nyumba mwathu muli mankhwala otsala amene tiyenera kukawabweza kuchipatala?
2. Mnzathu wa m'gulu lino atatiululira kuti wakodwa, kodi angakhulupirire kuti nkhani yake ithera pakati pathu?
3. Ndi utumiki uti umene tingachitire limodzi ndi achinyamata a m'dera lathu, kuti asaone chifukwa chothawira m'botolo?