KODI MKHRISTU ANGAPATSE MBALE WAKE IMPSO?

Pali funso limene makolo athu sadalidziwe, koma lero layamba kufika pa makomo a Abambo ansembe ndi akatekisiti, ngakhale kuno ku mapiri a Dedza. Munthu adwala; madokotala anena kuti impso zake zonse ziwiri zaleka kugwira ntchito, ndi kuti akhoza kukhalabe ndi moyo zaka zambiri ngati mbale wake atalola kumpatsako impso imodzi. Tsono abale asonkhana, ayang'anana, nafunsa kuti: kodi zotere n'zololedwa pamaso pa Mulungu? Kodi munthu ali ndi mphamvu yochotsa chiwalo m'thupi limene sadadzipangire yekha? Funsoli si lachibwana ayi, pakuti pa yankho lake pagona moyo wa wodwalayo, pagonanso mtendere wa mumtima mwa amene akupemphedwayo. Tiyeni tiliganizire mofatsa.

Poyamba tidziwe chimene tikunena. Palibe munthu wosenda mbuzi amene sadaonepo impso: tiziwalo tiwiri tonga nyemba, tobisika m'mafuta pafupi ndi msana. Mwa munthu, impso iliyonse ili ndi tosefera pafupifupi 1,000,000. Usana ndi usiku impso zimasefa magazi ndi kuchotsamo zoipa, zimene zimatuluka mu mkodzo. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ndiye kuti ndowa 9 za malita 20, koma ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'thupi. Zikafooka, munthu amatupa miyendo ndi nkhope, amapuma movutika, chakudya chimamkana, ndipo zoipa zija zimamdya pang'onopang'ono. Kawirikawiri chimene chimaononga impso ndi nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuno kwathu tionjezepo malungo aakulu, kutsegula m'mimba koopsa, likodzo losachizidwa, mavuto a pa uchembere, ndi kumwa mankhwala mopanda muyeso, kaya a m'sitolo kaya azitsamba.

Impso zikafa ndithu, njira zotsala ndi ziwiri. Yoyamba ndi makina osefa magazi, amene madokotala amawatcha dayalisisi. Makinawa alipo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala amakhala pa makina maola ngati 4, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Taganizani za mlimi wa ku Bembeke, ku Kasina kapena ku Mtendere: kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe pali makilomita oposa 80, ndipo ndalama ya mbatata ya chaka chathunthu ithera m'mabasi mvula ina isanagwe. Njira yachiwiri ndiyo kuika m'thupi mwa wodwala impso ya munthu wina. Pa 23 Disembala 1954, mumzinda wa Boston ku America, dokotala Joseph Murray adatenga impso imodzi ya mnyamata wina, Ronald Herrick, naiika mwa Richard, amene adabadwa naye mapasa. Richard, amene adali pafupi kufa, adakhalanso ndi moyo zaka 8, nakwatira, nabereka ana. Ronald adakhala ndi impso yake imodziyo kufikira chaka cha 2010. A Malawi amene alandirapo impso motere akhala akupita kunja, ambiri ku India, atatsagana ndi mbale wowapatsayo.

Nanga Eklezia akuti chiyani? Tisaganize kuti adayankha mothamanga. Lamulo lachisanu la Mulungu limatiletsa kupha, limatiletsanso kudzivulaza. Kuyambira kale akatswiri a chiphunzitso ankalola kudula mwendo woola kuti thupi lonse lipulumuke. Koma impso yamoyo, yopanda nthenda, kuichotsa mwa munthu wabwinobwino, ambiri adakayika, nakangana zaka zingapo. Mu Febuluwale 1956 wansembe wa ku Italy, Carlo Gnocchi, amene ankalera ana opunduka pa nkhondo, ali pafupi kumwalira adapempha kuti kachikopa koonekera ka pamwamba pa maso ake akapatsidwe kwa achinyamata awiri akhungu, ndipo zidachitikadi. Pa 14 Meyi chaka chomwecho Papa Pius XII adaphunzitsa kuti munthu akhoza kulola kuti akafa chiwalo chake chithandize odwala, malinga mtembo ulemekezedwe ndipo abale asaponderezedwe. Pambuyo pake Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake Evangelium Vitae ya 1995, adatama kupereka chiwalo ngati ntchito yaikulu ya chikondi, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2296, amavomereza zimenezi kwa amoyo ndi kwa akufa omwe, pokhapokha malire ake asungidwe.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva kwa munthu wodziwa mwambo wa munda wa makolo. Mwini mbumba amayang'anira mundawo, koma si wake wake ayi. Akaugulitsa kuti amwere mowa, mudzi wonse umnyoza, pakuti wagulitsa chimene adangosungitsidwa. Koma akadulako ndime ndi kupatsa mwana wamasiye amene alibe polima, palibe amene anganene kuti waononga munda wa makolo. Wachita chimene makolowo akadafuna. Thupi lathu lili chimodzimodzi. Mwini wake ndi Mulungu, ife ndife osunga chabe. Wosunga saloledwa kuononga, saloledwa kugulitsa, koma akhoza kugawa monga mwa mtima wa Mwini wake. Ndipotu kugawa za m'thupi si chinthu chachilendo pakati pathu. Mayi amadyetsa mwana ndi magazi ake miyezi 9, namuyamwitsa pambuyo pake, ndipo palibe adamutcha wochimwa. Ambuye athu Yesu nawonso adatiombola popereka thupi ndi magazi ao omwe, ndipo mphatso imeneyi timailandira pa Misa iliyonse.

Wina adzati: nanga pa tsiku louka kwa akufa, ndidzaima bwanji pamaso pa Mulungu ndili wopereweza? Mantha amenewa tisawaseke, pakuti amachokera ku ulemu umene mtundu wathu umapereka kwa maliro. Koma takumbukirani Karoli Lwanga ndi anzake, amene adatenthedwa ndi moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886 mpaka matupi ao kusanduka phulusa. Eklezia adawalengeza kuti ndi oyera mu 1964. Kodi iwo adzalephera kuuka? Takumbukiraninso odwala khate amene ankasamalidwa ku Mua, ena opanda zala, ena opanda mapazi. Kodi Mulungu adzawaukitsa opunduka? Iyayi ndithu. Amene adaumba munthu ndi dothi sadzasowa impso yoti amubwezere. Ndipotu m'manda chiwalo chilichonse chimaola, chosungidwa ndi choperekedwa chomwe. Chimene chimakafika kwa Mulungu ndi chikondi chimene munthu adachita nacho.

Winanso adzati: nkhani za ziwalo za anthu ife tazimva, ndipo n'zoopsa. Zoonadi. Kuyambira 2014 abale athu achialubino ambiri adaphedwa, ena manda ao adafukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa ao amalemeretsa, kotero kuti mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa chilango cha opezeka ndi ziwalo za munthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nako. Munthu wokumbukira zimenezi akamva za kuchotsa impso, thupi limachita tsembwe. Koma tisiyanitse. Mbala yoboola nkhokwe usiku ndi mnansi wobwera ndi dengu masana, onse anyamula chimanga, koma wina wapha mudzi, wina waupulumutsa. Wakupha amalanda, mumdima, kuti alemere, ndipo mwini chiwalo amafa. Wopereka amapereka yekha, poyera, m'chipatala, kuti mnzake akhale ndi moyo, iyenso nakhalabe ndi moyo. Kudana ndi choyambacho ndi udindo wa Mkhristu aliyense. Kuopa chachiwiricho chifukwa cha choyamba ndiko kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Tsono malire ake ndi ati? Akatekisiti awasunge bwino, pakuti adzafunsidwa.

Loyamba: woperekayo avomere yekha, atauzidwa zoona zonse za opaleshoni ndi zoopsa zake. Apa mpamene pali msampha waukulu m'mabanja mwathu. Tiyerekeze kuti wodwala ndi malume amene amalipirira ana sukulu, ndipo amene magazi ake agwirizana ndi mphwake wosauka. Abale onse amuyang'ana iye. Iye atsitsa mutu, nati ndavomera, koma mumtima akulira. Kumeneko si kupereka ayi, ndi kulandidwa mwaulemu. Mkatekisiti wanzeru akambe naye padera, namuuze mosabisa kuti kupereka impso ndi ntchito ya chikondi chopambana, koma si lamulo. Wokana sanachimwe, ndipo asamutche mfiti kapena wouma mtima pa maliro.

Lachiwiri: woperekayo asadziphe kapena kudzipundula. Munthu wamoyo sangapereke mtima wake, sangaperekenso impso zonse ziwiri. Impso imodzi yabwino imakwanira kusunga munthu, n'chifukwa chake madokotala amayamba amuyeza kwambiri. Akapeza shuga kapena kuthamanga kwa magazi koopsa, amamubweza. Bambo kapena mayi wa ana aang'ono aganizenso za anawo, ndipo akambirane ndi mnzake wa m'banja, pakuti mu ukwati thupi lake si la iye yekha.

Lachitatu: pasakhale malonda. Pa 29 Ogasiti 2000 Papa Yohane Paulo II adauza madokotala osonkhana ku Roma kuti kugula ndi kugulitsa ziwalo n'kosaloledwa, ndipo mu 2008 akatswiri a m'maiko ambiri adagwirizana zomwezo ku Istanbul. Wina angati: impso ndi yanga, njala ndi yanganso, bwanji ndisagulitse? Koma taonani kumene msika wotere umalowera. Simudzamva kuti wolemera wagulitsa impso kwa wosauka. Masiku onse chiwalo chimachoka kwa waumphawi kupita kwa wachuma. Ndalama itha miyezi yochepa, chipsera chitsala. Kumlipirira woperekayo ulendo, chakudya ndi mankhwala ndi chilungamo. Koma kuika mtengo pa chiwalo ndiko kusandutsa munthu mbuzi ya pa msika wa Lizulu.

Lachinayi: ngati chiwalo chitengedwa kwa womwalira, pakhale chitsimikizo chonse kuti wamwaliradi, ndi chilolezo chake kapena cha abale ake. Palibe amene aloledwa kufulumizitsa imfa ya wina kuti apulumutse mnzake.

Komabe, abale, tinene zoona: mwa ife owerenga nyuzipepala ino ndi ochepa amene adzapemphedwe impso. Nkwapafupi kutama chikondi chachikulu chimene sitidzafunsidwa, uku tikukana chaching'ono chimene chili pakhomo. Kuyambira 2003 dziko lathu lili ndi bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service. Magazi operekedwa amabwerera m'thupi pa masabata ochepa, koma amapulumutsa mayi pa uchembere ndi mwana wa malungo. Ndi angati mwa ife adaperekapo? Kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi n'kosavuta, ndipo nthenda ikadziwika msanga impso zimatetezeka. Mwana wotentha thupi kapena wotsegula m'mimba athamangitsidwe ku chipatala tsiku lomwelo. Munthu akayamba kutupa, tisataye miyezi ndi kuombeza ndi kulozana zala. Tipite naye kukayezetsa.

Ndipo pamene m'mudzi muli wodwala woyendera makina ku Lilongwe, Mphakati usamsiye yekha. Ena asonkhe ya basi, ena akampalire m'munda, ena akamchezere ndi kumtengera wansembe. Tsiku lokumbukira matenda a impso pa dziko lonse, limene lidayamba mu 2006, limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi. Akatekisiti angathe kuitana namwino kuti adzaphunzitse Akhristu Lamulungu loyandikana nalo. Tili ndi ufulu, ndiponso udindo, wopempha aphungu athu kuti makina achuluke ndi kuyandikira anthu a kumudzi. Anansi athu a ku Zambia adayamba kuika impso kwao konko, ku Lusaka, mu 2018. Si kulakwa kufunsa kuti odwala athu osauka, amene sangaone India, adzathandizidwa liti.

Yankho la funso lathu ndi ili: inde, Mkhristu angapatse mbale wake impso, ngati apereka mwaufulu, mwaulere, ndi mosadziononga. Amene wachita zimenezi timlemekeze. Amene waopa tisamweruze. Amene afuna kugula kapena kulanda timkanize poyera. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tipemphere kuti Mulungu, Mwini matupi athu, atonthoze odwala impso onse, aunikire madokotala ndi anamwino, ndipo atiphunzitse ife kusunga bwino zimene adatisungitsa ndi kugawa mokondwa zimene tingathe kugawa.