Kodi Nchito ya Mphunzitsi Ithera ku Manda?

M'midzi mwathu timamva aphunzitsi ena alikudandaula, nati, nchito yathu siioneka, malipiro acepa, ndipo tikafa palibe adzatikumbuka. Mau awa sitiwapeputsa, pakuti ifenso tinawanenapo. Koma tiyeni tilingalire za Enoch Sontonga.

Iyeyu anali mphunzitsi pa sukulu ya Methodist ku Nancefield, pafupi ndi Johannesburg, munthu wokonda nyimbo koposa, wophunzitsa ana kuyimba. M'caka ca 1897 anapeka nyimbo ija ya Nkosi Sikelel' iAfrika, ndiyo pemphero lopempherera Afrika. Anamwalira mu 1905 asanakalambe, osadziwa kumene idzafika. Manda ace a ku Braamfontein anaiwalika zaka zambiri, kufikira anapezedwanso, nalemekezedwa ndi Nelson Mandela mu 1996. Koma nyimboyo sinagone naye. Lero maimbidwe ace amveka m'nyimbo za fuko za Zambia, Tanzania ndi South Africa.

Tsono tinene kodi kuti nchito yace inayamba kukhala yabwino pamene anthu anaitama? Iai. Inali yabwino kale tsiku lija anailembera ana a sukulu, popeza anaicita mokhulupirika. Ambiri a ife sitidzapeka nyimbo yomveka kutali, ndipo manda athu adzamera udzu osapezedwanso. Komatu Mulungu sawerengera munthu mbiri yace, koma kukhulupirika kwace.

Cifukwa cace, aphunzitsi anzathu, musasiye sukulu zanu. Ng'oma ikalira mawa mmawa, ana akupezeni pamalo panu.