Tikamapita Kukazonda Odwala

Amayi anzanga mwa Ambuye, pa Levitiko 13:45 timamva kuti wakhate ankalamulidwa kuphimba kukamwa. Ifenso tinavala masiki Covid-19 itafika m'Malawi mu 2020. Lero ambiri tinawataya, chonsecho chifuwa chachikulu chikadali pakati pathu kuno kwa Dzoole.

Wodwala akatsokomola, tizilombo timauluka m'timalovu tosaoneka. Masiki ophimba mphuno ndi pakamwa amatchinga timalovuto, makamaka akavala wodwalayo.

Choncho pokazonda odwala, tinyamule masiki pamodzi ndi ufa ndi nkhuni, ndipo titsegule mazenera tisanayambe kupemphera. Kutero sikuchepa chikhulupiriro ayi, koma kukonda ana amene tawasiya kunyumba. Wotsokomola milungu iwiri timuperekeze kuchipatala cha Mponela akayezetse makhololo. Mankhwala ake ndi aulere.

Ambuye atipatse nzeru. Amen.