Kodi Mphatso Ilemera ndi Chiyani?

Pa Khirisimasi, Misa itatha ku Bembeke, mabanja asonkhana kudya mpunga ndi nkhuku, ndipo mphatso za mitundu iwiri zikumana pa mphasa imodzi. Mwana wochokera ku Johannesburg atulutsa nsapato ndi bulangete. Amayi ake okalamba ali ndi mtsuko woumba okha, koma kawirikawiri achita nawo manyazi, naubisa kuseri kwa chitseko. Kodi manyazi amenewa achokera kuti?

Ena ati mphatso ilemera ndi mtengo wake. Zoonadi, mwanayo sayenera kunyozedwa, pakuti ndalama zake zatuluka m'thukuta la kudziko la eni. Koma mtsukowo sunayambe dzulo. Amayi anakakumba mtapo m'chilimwe, popeza mvula ikayamba mbiya siuma msanga. Anauponda, naumba, nakulungiza ndi mwala, nadikira masiku ambiri asanaotche, ndipo mwina woyamba unasweka pamoto. Masiku onsewo mtima wawo unali pa mwana wawo, ndipo masiku sabwerera kwa munthu wokalamba.

Chodabwitsa nchakuti alendo akutali aima ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, nagula makapu oumba ndi manja pa mtengo wokwera. Enanso atsikira ku Mua kukaona zosema za ku Kungoni, kumene Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976. Mlendo alemekeza chimene mwini abisa!

Tsono manyaziwo amayi sanabadwe nawo ayi. Anawaphunzira kwa ana awo omwe, chaka china pamene anawapatsa lichero latsopano, iwo nalilandira ndi dzanja limodzi, maso ali pa foni.